PHUNZIRO LA MAIKO: Ladakh, Kumene Mtsinje Umasankhira Anthu Malo a Mudzi

Munthu akamva mau akuti chipululu, msanga amaganiza za dziko la mchenga wotentha, kumene dzuwa limapsereza mapazi ndipo mthunzi ndi wosowa. Komatu zipululu sizili za mtundu umodzi ai. Chipululu ndi dziko lili lonse limene mvula yache ndi yochepa kwambiri, kaya likhale lotentha kaya lozizira. Phunziro lino likunena za chipululu chozizira cha Ladakh, kumpoto kwa India, ndi za anthu amene akhala akulima m'menemo zaka mazana ambiri. Funso lache ndi ili: kodi mlimi angakolole bwanji m'dziko limene mvula yache siikwanira kumeretsa ngakhale udzu? Yankho lili m'maumbidwe a nthaka imene mitsinje idakonza, pakuti ku Ladakh mtsinje ndiwo umanena pamene mudzi ungakhale, kukula kwa minda yache, ndi kuchuluka kwa anthu amene ungadyetse.

1. Dziko ndi nyengo zache

Ladakh ali pakati pa mitandadza iwiri ya mapiri aatali koposa pa dziko lapansi: Himalaya kummwera ndi Karakoram kumpoto. Kale adali mbali ya Jammu and Kashmir, koma kuyambira pa 31 Okutobala 2019 ndi chigawo cha pachokha cholamulidwa ndi boma lalikulu la India. Kalembera wa 2011 adapeza anthu pafupi 274,000. A m'dera la Leh ambiri ndi a chipembedzo cha Buddha, ndipo a m'dera la Kargil ambiri ndi Asilamu. Mzinda wa Leh uli pa mtunda wa mamita 3,500 pamwamba pa nyanja ya mchere. Ndiye kuti msika wa mzindawo uli pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili mamita 3,002.

Kuuma kwa dzikoli kudza chifukwa cha mapiri. Mphepo yonyamula mvula imachokera ku nyanja ya kummwera m'miyezi ya Juni mpaka Sepitembala. Ikafika pa Himalaya imakwera, nizizira, nigwetsa madzi ache kutsidya la kummwera, kotero kuti pooloka mapiri imakhala itauma kale. Ku Leh mvula ya chaka chathunthu ndi mamilimita pafupi 100 okha. Ndowa itaikidwa pabwalo chaka chonse, madzi ache osauma, akadangofika msinkhu wa chala chimodzi ndi pang'ono.

Popeza Ladakh ali kumpoto kwa dziko lapansi, nyengo zache ndi zotembenuka. Chisanu chimayamba mu Novembala nichifika mu Malichi, ndipo usiku wa Januwale kuzizira kumatsika madigiri 20 pansi pa malire amene madzi amaundana. Nyengo yolima ndi miyezi inai kapena isanu basi. Pa mapiri sipagwa mvula yeniyeni, koma chipale chofewa, ndicho madzi ouma oyera ngati ufa woyera, otsika pang'onopang'ono kuchokera m'mitambo. Pa nsonga zazitali chipalecho chimaunjikana chaka ndi chaka, nichipanikizana mpaka kusanduka chimulu cha madzi oundana olimba ngati mwala. M'Chingerezi chimulu chotere amachitcha glacier. Zimulu zimenezi ndizo nkhokwe za dziko: zimasunga madzi m'chisanu, nizimawatulutsa dzuwa likatentha.

2. Indus, mtsinje waukulu wothirira minda yochepa

Mtsinje waukulu wa Ladakh ndi Indus. Magwero ache ali ku Tibet, pafupi ndi phiri la Kailash, ndipo eni dziko amati umatuluka m'kamwa mwa mkango. Nchifukwa chache m'dzina limene amautcha muli mau akuti Sengge, ndiye kuti mkango. Ulendo wache wonse mpaka ku nyanja ya mchere ku Pakistan ndi makilomita oposa 3,000. Akatswiri a miyala amaphunzitsa kuti zaka pafupi mamiliyoni 50 zapitazo dziko la India, limene lidali kusuntha pang'onopang'ono kunka kumpoto, lidagundana ndi Asia. Mapiri a Himalaya adatukuka chifukwa cha kugundanako, ndipo mu Ladakh mtsinje wa Indus umatsata msoko pamene maiko awiriwo adalumikizana. Mapiriwo akukwerabe ndi lero lomwe, ndipo mtsinje ukukumbabe njira yache.

Mlendo akadayembekeza kuti minda yonse imamwa madzi a mtsinje waukuluwo. Sizili choncho ai. M'malo ambiri Indus amayenda pansi kwambiri, pakati pa magombe aatali, ndipo madzi sakwera chitunda. Masiku amene makina opopera madzi adali asanafike, panalibe njira yowakwezera ku minda. Kumene chigwa ndi chotakasuka ndiponso chathyathyathya, monga ku Shey, ku Thiksey ndi ku Chuchot pafupi ndi Leh, ngalande zimapatutsa madzi a Indus ndithu. Koma kwina konse mlimi amangoona mtsinje waukulu ukupita kunsi kwache, pamene munda wache ukudikira kamtsinje kakang'ono kochokera ku phiri.

3. Chikupizo: nthaka imene napolo adaumba

Timitsinje ta m'mapiri eni dziko amatitcha tokpo. Tokpo amabadwa pa chimulu cha madzi oundana, natsika mothamanga m'chigwembe chopapatiza, atasenza miyala, mchenga ndi matope. Akatulukira m'chigwa chachikulu, madzi amabalalika ndipo mphamvu yache imatha mwadzidzidzi. Pamenepo amatula katundu wache mwa dongosolo: matanthwe pakhomo penipeni pa chigwembe, nsangalabwi patsogolo pang'ono, mchenga ndi dothi lofewa kumapeto. Njira yache ikadzaza ndi zimene watula, amapatuka nafuna njira ina, chaka chino kumanja, zaka zina kumanzere. Patapita zaka zikwi zambiri pamakhala chitunda chopendekeka, chosongoka kumtunda ndi chotambalala kumunsi, monga chimaonekera chimanga chokhuthulidwa m'thumba pakhomo pa nkhokwe. Akatswiri amachitcha chikupizo chifukwa cha maonekedwe ache.

Midzi yambiri ya Ladakh ili pa zikupizo zotere kapena m'zigwa za tokpo: Stok ndi Matho kummwera kwa Indus, Saboo, Phyang ndi Leh yemwe kumpoto kwache. Chikupizo chimapatsa mlimi zinthu zitatu zimene phiri silingampatse: nthaka yolimika, madzi odzera pamwamba pa munda, ndi kupendekeka kokwanira kuti madziwo ayende okha. Pakhomo pa chigwembe anthu amatchinga tokpo ndi miyala, napatutsa madzi m'ngalande zotchedwa yura. Ngalandezo zimatsata m'mbali mwa phiri, zina makilomita angapo, nizigawikana mpaka pa munda uli wonse.

Nthaka ya pa chikupizo ndi ya miyala yokhayokha poyamba. Mibadwo ya alimi idatola miyalayo ndi manja, nimanga nayo makoma ochirikiza minda, kotero kuti minda imatsika ngati makwerero. Chonde chimadza ndi matope osalala amene madzi a m'phiri amabwera nao, ndiponso ndi manyowa. Ndowe za ziweto ndi nkhuni zao, chifukwa chache manyowa ena amachokera m'zimbudzi zouma: m'nyumba za makolo chimbudzi sichithiridwa madzi koma dothi ndi phulusa, ndipo zikaola amazinyamulira ku munda. Nyumba zenizeni amazimanga pa thanthwe kapena m'mphepete mwa minda, kuti nthaka yothirika isatayike. Nyumba za amonke za Thiksey ndi Spituk, ndiponso nyumba yachifumu imene mfumu Sengge Namgyal idamanga ku Leh m'zaka za m'ma 1600, zonse zili pa zitunda za miyala.

Madzi ena amalowa pansi pa nsangalabwi kumtunda kwa chikupizo, nadzatumphuka ngati akasupe kumapeto kwache. Pamenepo pamamera msipu ndi misondodzi. Misondodzi ndi mitengo ya popula ndiyo imapereka mitanda ndi phaso la denga, pakuti nkhalango kulibe. Woyang'ana ali pa phiri amaona mudzi ngati nsalu yobiriwira yoyalidwa pa thanthwe lotuwa, ndipo malire ache ndi akuthwa: phazi limodzi kupitirira ngalande yomaliza, chipululu chayamba. M'dziko lonse la Ladakh nthaka yolimidwa siikwana gawo limodzi mwa magawo 100.

Mbewu yaikulu ndi barele, amene amapirira chisanu nacha msanga. Palinso tirigu, nsawawa, mpiru wa mafuta ndi udzu wodzala wodyetsa ziweto m'chisanu. Polima amakoketsa khasu ndi dzo, nyama yobadwa mwa ng'ombe ndi yak, ndiyo ng'ombe ya ubweya wautali ya m'mapiri. Barele amamkazinga nampera pa mphero yozunguliridwa ndi madzi a ngalande yomwe ija; ufa wache, wotchedwa ngamphe, amaukanda ndi tiyi wa mchere ndi batala. Ndipo popeza munda sungakule kupitirira pamene madzi afika, makolo adaopa kuugawagawa. Mwana wamkulu ndiye adali kulandira munda wonse. M'mabanja ambiri a Chibuda abale adali kukwatira mkazi mmodzi, ndipo mwana wina adali kupita ku umonke. Ukwati wotere lamulo lidauletsa mu 1941.

4. Lamulo la madzi

Bvuto lalikulu la mlimi wa ku Ladakh si kuchepa kwa madzi kokha, koma nthawi imene madziwo amafika. Kufesa kumachitika mu Epulo ndi Meyi, ndipo mbewu ikachedwa chisanu chidzaipeza isanache. Koma m'miyezi imeneyo nsonga za mapiri zikali zozizira, ndipo zimulu za madzi oundana siziyamba kusungunuka kwenikweni mpaka mu Juni. Motero pamene munda uli ndi ludzu lalikulu tokpo amangodontha, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti madzi amasefukira, ochuluka nangotayikira mu Indus.

Tsikunso lili ndi nthawi zache. Dzuwa limasungunula madzi oundana masana, ndipo madziwo amafika ku mudzi madzulo kapena usiku. Chifukwa chache midzi ili ndi maiwe okumba otchedwa zing, amene amasunga madzi a usiku kuti atsekulidwe m'mawa.

Kumene madzi ndi osowa chotere, ndeu siikhala patali. Tsono mudzi uli wonse umaika munthu wotchedwa churpon, ndiye kuti mkulu wa madzi. Iyeyu amayendera ngalande, natsekula ndi kutseka potulukira madzi ndi miyala ndi zibuma, naonetsetsa kuti banja lili lonse lalandira pa nthawi yache, losauka ndi lolemera lomwe. Ngalande amazikonza anthu onse pamodzi chisanu chikatha, nyumba ili yonse itatumiza munthu. Pamene midzi iwiri imwa tokpo mmodzi, pali mapangano akale onena kuti wa kumtunda utenge masiku akuti, wa kumunsi masiku akuti. Ambiri mwa mapanganowo adalembedwa m'mabuku a boma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Mudzi wa kumtunda ukadakhoza kumwa madzi onse, koma mwambo umauletsa, ndipo mwambo umenewo ndiwo wasunga midzi ya kumunsi.

5. Makwerero a mtsinje ndi nyanja zakale

Kumunsi kwa Leh, kuyambira ku Nimmu kumene mtsinje wa Zanskar umathira mu Indus, chigwa chimapapatiza ndipo pamaoneka maumbidwe ena. M'mbali mwa mtsinje muli malo athyathyathya osanjikizana, ena mamita makumi angapo pamwamba pa madzi. Malo amenewa ndi pansi pakale pa mtsinje. Pa nyengo zina zakale mtsinje udadzaza chigwa ndi nsangalabwi. Pambuyo pache udakumbanso m'nsangalabwizo nutsika, nusiya zotsala m'mbali. Izi zitachitika kangapo, padatsala makwerero, ndipo la pamwamba ndilo lakale koposa. Wokumba pamenepo amapeza miyala yobulungira yosalala, umboni wakuti madzi adapitapo.

Midzi ya Alchi, Saspol ndi Khaltse ili pa makwerero otere, koma nayonso imamwa madzi a tokpo, osati a Indus amene ali kunsi kwache. Dera lino ndi lotsikirapo, mamita pafupi 3,000, ndipo matanthwe a chigwa chopapatiza amasunga kutentha kwa dzuwa. Motero kuno kumabala maapozi ndi maapurikoti, zipatso zonga mapichesi aang'ono. Maapurikoti amawayanika pa madenga ndi pa miyala, ndipo m'nthanga zache amayengamo mafuta. M'midzi yotentherapo amakolola kawiri pa chaka: barele akachoka amafesa mbewu ina yocha msanga.

Nthawi zina phiri limagumuka nilitseka chigwa, ndipo kumbuyo kwache kumabadwa nyanja. Ku Lamayuru kuli zitunda za dothi lachikasu losalala, losanjikizana ngati masamba a buku. Limenelo ndi matope amene adadikha pansi pa nyanja ya zaka zikwi zambiri zapitazo. Nthano ya eni dziko imanenanso kuti pamalopo padali nyanja, imene munthu wina woyera adaiphwetsa. Dothi lotere ndi lofewa polima, koma limakokoloka msanga.

6. Nubra: mtsinje wolukana ndi milu ya mchenga

Kumpoto kwa Leh, kuseri kwa mpata wa Khardung La umene uli mamita oposa 5,300, kuli chigwa cha mitsinje ya Shyok ndi Nubra. Nubra amachokera ku Siachen, chimulu cha madzi oundana cha makilomita oposa 70 m'litali. Zigwa zimenezi adazikumba ndi madzi oundana a kalekale, chotero ndi zotakasuka, za pansi pathyathyathya ndi makoma oimirira. Mitsinje yache imasenza mchenga wochuluka kuposa mphamvu yao. Tsono imagawikana m'timifuleni tambiri tokomana ndi kulekana ngati chingwe cholukidwa. Chisumbu cha chaka chino chingakhale njira ya madzi chaka chamawa, ndipo palibe wanzeru amamanga pamenepo. Midzi monga Diskit ndi Hunder ili m'mphepete, pa zikupizo.

Madzi akaphwa m'chisanu, mphepo imaulutsa mchenga wouma niuunjika milu pafupi ndi Hunder. Pa miluyo pamayenda ngamila za malinunda awiri, zidzukulu za zimene zidali kusenza malonda pakati pa Leh ndi Yarkand ku Central Asia. Malondawo adatha malire atatsekedwa cha m'ma 1949, ndipo lero ngamilazo zimanyamula alendo odzaona dziko. M'nsangalabwi za m'mbali mwa mtsinje mumamera chitsamba cha minga chotchedwa tsestalulu. Mizu yache imagwira gombe, nthambi zache ndi mpanda ndi nkhuni, ndipo tizipatso tache towawasa tachikasu amatigulitsa kwa opanga zakumwa.

7. Zanskar: mtsinje umene umasanduka mseu

Kummwera kuli chigwa cha Zanskar, ndi mudzi wache waukulu wa Padum. Potuluka m'chigwacho mtsinje umalowa m'phompho lakuya la makoma oimirira, lopanda malo a munda, ndipo kale mudalibe ngakhale njira ya mapazi. M'chilimwe anthu adali kudzera m'mipata ya mapiri, monga Pensi La wa mamita 4,400; koma chipale chikatseka mipatayo, chigwa chonse chidali kutsekeka pafupi theka la chaka. Chipulumutso chidali mtsinje womwewo. Mu Januwale ndi Febuluwale pamwamba pache pamaundana, ndipo anthu amayenda pa madzi oumawo, njira yotchedwa Chadar, ndiye kuti chofunda. Adali kuyenda masiku angapo, kugona m'mapanga, atasenza batala wokagulitsa ku Leh. M'zaka za pambuyo pache makolo adali kuperekeza ana ao ku sukulu pa njira yomweyo.

Kumapeto kwa Disembala 2014 phiri lidagumuka nilitseka mtsinje wa Tsarap, umene ndi mmodzi mwa makolo a Zanskar. Boma lidatseka Chadar chaka chimenecho poopa ngozi. Nyanja imene idabadwa kumbuyo kwa chigumukirecho idaphulika pa 7 Meyi 2015, nikokolola milatho ndi minda. Zimene zidachitika ku Lamayuru kalekale, anthu adaziona ndi maso. Mu 2024 mseu wodzera m'phomphomo udalumikiza Nimmu ndi Padum, ndipo moyo wa chigwacho ukusintha msanga.

8. Changthang: kumene khasu lilephera

Kum'mawa, kunka ku malire a Tibet, dziko limakwera kupitirira mamita 4,000, ndipo zigwa zache ndi zotambalala. Timitsinje tina sitipeza njira yotulukira, tsono timathera m'nyanja monga Tso Moriri ndi Tso Kar. Dzuwa ndi mphepo zimamwa madzi, mchere nutsala. Kuno barele amacha m'malo owerengeka okha, monga ku Korzok m'mbali mwa Tso Moriri, pa mamita 4,500. Chuma cha dziko ndi msipu wa m'madambo a m'mphepete mwa madzi.

Eni ache ndi Achangpa, abusa osamukasamuka okhala m'mahema a ubweya wa yak. Amaweta nkhosa, yak ndi mbuzi, nasuntha kangapo pa chaka kuti msipu upume. Pansi pa ubweya wa mbuzizo pamamera ubweya wina wofewa koposa wotchedwa pashmina, umene amaupesa chilimwe chikayamba. Oluka nsalu a ku Kashmir akhala akuufuna zaka mazana, mwakuti pangano la mtendere la ku Tingmosgang la 1684 lidanenapo za malonda ache. Kale Achangpa adali kusenzetsa nkhosa timatumba ta mchere wa ku Tso Kar, nakasinthana ndi barele wa alimi a m'zigwa. Motero wa kumtunda ndi wa kumunsi adali kudalirana, ali yense ndi chimene nthaka yache idampatsa.

9. Mabvuto a masiku ano

Nkhondo ya India ndi China ya 1962 idadzetsa asilikali ambiri ndi miseu, ndipo mu 1974 boma lidalola alendo a maiko ena kulowa mu Ladakh. Ntchito za malipiro zidachuluka, mpunga ndi tirigu wotsika mtengo zidayamba kubwera pa malole, ndipo achinyamata ambiri adasiya midzi nadza ku Leh. Mzindawo udakula, nyumba za alendo zidakumba zitsime zakuya ndi kuika zimbudzi za madzi, ndipo popeza malo adachepa, anthu adamanga pa zikupizo zouma ndi m'makwawa amene makolo adali kuwalambalala.

Akulu adati madzi saiwala khwawa. Usiku wa pa 5 kucha wa pa 6 Ogasiti 2010, mvula yoopsa idagwa mwadzidzidzi pa mapiri a pafupi ndi Leh. Popeza mapiriwo alibe udzu kapena mitengo yogwira dothi, madzi adasakanikirana ndi miyala ndi matope, napolo natsika m'zigwembe anthu ali m'tulo. Adakantha Leh, Choglamsar, Saboo, Phyang ndi midzi ina. Chipatala ndi pokwerera mabasi zidaonongeka, minda idakwiririka, ndipo anthu oposa 200 adafa. Apa mpamene pali phata la phunziro lino. Chikupizo sichidaumbidwe ndi kamtsinje kofatsa ka masiku onse, koma ndi anapolo a kamodzikamodzi. Mphamvu imene idapatsa mudzi nthaka ndiyo yomwe ingauchotse, ndipo matanthwe ogona pakati pa minda ndi chizindikiro cha pamene napolo adapitapo kale.

Bvuto lachiwiri ndi kutentha kwa dziko lapansi. Zimulu zing'onozing'ono za madzi oundana, zimene midzi imadalira, zikuchepa nizibwerera ku nsonga. Kumene zachoka kumatsala timaiwe totchingidwa ndi miyala yosalimba. Limodzi la maiwe otere lidasefukira mu Ogasiti 2014 niliononga nyumba ndi minda ku mudzi wa Gya. Ku Kumik, mudzi wakale wa ku Zanskar, madzi adachepa kotero kuti mabanja adayamba kusamukira kumunsi, pafupi ndi mtsinje waukulu.

Eni dziko sadangokhala manja lende. Chewang Norphel, katswiri wa zomangamanga wa ku Leh, adaona kuti madzi a m'chisanu amangopita osagwira ntchito, ndiponso kuti madzi oyenda pang'onopang'ono pa mthunzi amaundana. Tsono mu 1987, ku Phuktse, adapatutsa tokpo namlowetsa m'khwawa la mthunzi lodulidwa ndi timakoma ta miyala. Madzi adaundana pamenepo chisanu chonse. Ndipo popeza malowo ali m'munsi kuposa zimulu za ku nsonga, adasungunuka msanga, pa nthawi yeniyeni yofesa. Pambuyo pache Sonam Wangchuk ndi ophunzira ache adayesa njira ina m'chisanu cha 2013 ndi 2014. Adatenga madzi kumtunda ndi mpope wokwiriridwa, kotero kuti kumunsi amatumphuka okha m'mwamba popanda makina, nagwa ngati mvula, naundana mulu wosongoka ngati chulu. Mulu wotere umaonetsa mbali yochepa ku dzuwa, ndipo woyambawo udafika mwezi wa Meyi usanathe kusungunuka. Mu 2015 adamanga waukulu ku Phyang wothirira mitengo. Komabe njira zimenezi sizilenga madzi atsopano. Zimangosunga a Januwale kuti agwire ntchito mu Meyi. Zimafuna manja ozikonza chaka ndi chaka, ndipo mudzi wa kumunsi uyenera kubvomereza, pakuti madzi ogwidwa kumtunda ndi omwewo akadafika kwa iwo. Motero ntchito ya churpon ndi mapangano a makolo zikali zofunika monga kale.

Zoyenera kukumbukira

Ku Ladakh maumbidwe ali onse a nthaka ali ndi ntchito yache: chikupizo ndi cha barele, makwerero ofunda ndi a zipatso, nsangalabwi za mtsinje wolukana ndi za minga ndi nkhuni, madambo a kumtunda ndi a abusa, ndipo phompho louma ndi chisanu lidali mseu. Anthu adakhalitsa m'dzikomo chifukwa adadziwa kuwerenga nthaka, nagawana madzi mwa chilungamo. Makina, miseu ndi ndalama zapeputsa moyo wao kwambiri, koma sizidasinthe njira imene madzi amatsata potsika phiri.

Mafunso

1. Chifukwa ninji mvula ndi yochepa ku Ladakh, chikhalirecho kummwera kwa Himalaya imagwa yambiri?
2. Longosolani m'mene chikupizo chimaumbidwira. Kodi miyala ikuluikulu imatsala mbali iti, ndipo chifukwa ninji?
3. Chifukwa ninji midzi yambiri siithirira minda ndi madzi a Indus?
4. Kodi churpon ndani, ndipo zing ndi chiani?
5. Kodi ntchito ya Chewang Norphel idathetsa bvuto liti, ndipo ndi liti limene siingathe kuthetsa?
6. Kodi munthu wofuna kumanga nyumba m'tsinde mwa phiri ayenera kuyang'ana zizindikiro zanji pa nthaka?